“Passion” satola panjira

Pa makalata ofunsira ntchito kapena malo a sukulu amene achinyamata amandipatsa kuti ndiwaonereko asanatumize, ochuluka amayamba ndi mawu omwewomwewo: “I am passionate about”. Chotsatira chake chimakhala chilichonse. Wina ndi “passionate” pa zowerengera ndalama, wina pa unamwino, wina pa kugulitsa inshuwalansi. Tsiku lina ndinapempha mtsikana wina, amene analemba kuti ndi “passionate about customer service”, kuti andimasulire m'Chichewa zimene ankatanthauza. Anaseka, anazolika, kenako n'kunena kuti, “Aa, aphunzitsi, nanga si ndi mmene anthu amalembera?”

Sananame. Ndi mmenedi anthu amalembera, ndipo si ife tokha amene Chingerezi tinachita kuchiphunzira m'kalasi. Eni chiyankhulocho nawonso anakodwa mumsampha womwewu. Kampani ya LinkedIn, ya tsamba la pa intaneti la ofuna ntchito ndi olemba ntchito, inkatulutsa chaka ndi chaka mndandanda wa mawu amene anthu amawagwiritsa ntchito mopitirira muyeso podzifotokoza, ndipo “passionate” ankapezekapo kawirikawiri, limodzi ndi anzake “motivated” ndi “creative”. Ku Britain, bungwe la UCAS, limene limalandira makalata a ofuna malo m'mayunivesite, linaulula mu 2016 ziganizo zimene ophunzira amakonda kuyambira nazo. Patsogolo panali chija choti “From a young age I have always been”, chimene chinalembedwa ndi anthu 1,779, ndipo cha “I have always been passionate about” chinali m'gulu lomwelo la ziganizo khumi. Tangoganizani: munthu wapatsidwa zilembo 4,000 zokha kuti anene kuti iye ndi ndani, iye n'kumwaza zoyambirira pa chiganizo chimene anzake mazanamazana alemba kale.

Sindikunena kuti mawuwa tiwataye. Aliyense amene akufuna ntchito, malo a sukulu kapena thandizo la maphunziro kudzera m'Chingerezi ayenera kuwadziwa “passion”, “purpose”, “calling” ndi “voice” monga mmisiri amadziwira zipangizo zake. Nkhawa yanga ndi yakuti timawaloweza ngati mawu wamba, chikhalirecho amabwera atasenza chiphunzitso, ndipo chiphunzitsocho chimabisala mu kamneni kamodzi kamene timakadutsa osakaona. Kamneniko ndi “find”. Chingerezi cha masiku ano chimati “find your passion”, “find your purpose”, “find your voice”. Zonse zitatu n'zopeza, ngati kuti zinagwera penapake ndipo zikungodikira wozitola. Ine ndikuti limeneli ndi bodza lokoma m'khutu, ndipo mbiri ya mawu omwewa ndi imene imayamba kulitsutsa.

Tiyambe ndi “passion”. Liwuli linafika m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, kuchokera ku Chilatini “passio”, limene tsinde lake ndi mneni “pati”, kutanthauza kuvutika kapena kupirira. Tanthauzo lake loyamba m'Chingerezi, zaka pafupifupi 800 zapitazo, linali masautso a Yesu mpaka imfa yake ya pamtanda. Mpaka lero mlaliki wa Chingerezi akati “the Passion” sakunena za munthu wokonda ntchito yake. Ngakhale duwa lija lotchedwa “passion flower” silikhudzana ndi chikondi. Amishonale amene analiona ku South America anati m'maonekedwe ake akuonamo chisoti chaminga ndi misomali. Abale a liwuli ndi amene amaulula za kwawo. “Patience” ndi kuleza mtima, “patient” ndi wodwala amene akumva zowawa, “compassion” ndi kumva ululu limodzi ndi mnzako, ndipo “passive” ndi wongochitiridwa. Banja lonse ndi la anthu opirira.

Patapita nthawi liwuli linasamuka, n'kuyamba kutanthauza chilichonse chimene chimamugwira munthu mwamphamvu iye asanafune: mkwiyo, nsanje, chilakolako. Anthu oganiza mozama a makedzana ankaziona zimenezi ngati zilombo zofunika kuzimanga pachingwe. N'chifukwa chake David Hume, woganiza mozama wa ku Scotland, atalemba mu 1739 kuti nzeru ndi kapolo wa “passions” ndipo iyenera kukhala choncho, ankadziwa kuti akutembenuza zimene ambiri ankakhulupirira. Tanthauzo lamdimali silinafe. “Crime of passion” ndi mlandu umene munthu amapalamula atapsa mtima, makamaka chifukwa cha nsanje ya m'chikondi. Ndipo wophunzira achenjere: “a night of passion” si usiku wochezera kuwerenga mabuku.

Mnzake “enthusiasm” anayenda njira yofanana. Gwero lake ndi Chigiriki “entheos”, munthu amene walowedwa ndi mulungu. Mu mtanthauziramawu wake wa 1755, Samuel Johnson analimasulira ngati chikhulupiriro chachabechabe chakuti munthu walandira vumbulutso lakelake. Kumutchula munthu “enthusiast” masiku amenewo kunali kumunena kuti ndi wotengeka, wosokonekera ndi zachipembedzo. Lero timalilemba pa CV monyadira.

Mawu amasintha, ndipo palibe mlandu pamenepo. Sindili m'gulu la anthu aja amene amaumirira kuti tanthauzo lenileni la liwu ndi lakalekale lokha. Komabe nthawi zina tanthauzo lakale limasunga nzeru imene latsopano linaitaya m'njira. “Passion” yakale inkafunsa kuti, n'chiyani chimene ungalole kuchivutikira? Ya masiku ano imafunsa kuti, n'chiyani chimakusangalatsa? Woyankha funso loyamba amanyamuka akudziwa kale kuti kutsogolo kuli minga. Woyankha lachiwiri akaponda munga amaganiza kuti wasochera.

Mmodzi mwa amene anafalitsa kwambiri funso lachiwirili ndi Steve Jobs, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Apple. Pa 12 June 2005, polankhula kwa omaliza maphunziro pa yunivesite ya Stanford, anawauza kuti, “You've got to find what you love”, n'kuwalangiza kuti ngati sanachipeze apitirize kufunafuna, asangokhazikika. Mawuwo ndi okoma, ndipo anthu mamiliyoni awamvetsera pa intaneti. Koma taonani mneni uja wabweranso. Taonaninso kuti wolankhulayo ndi munthu amene zinamuyendera. Anzake amene anafunafuna mpaka kuchita imvi osapeza kanthu saitanidwa kudzalankhula pa mwambo wa omaliza maphunziro.

Mu 2018, akatswiri atatu a za maganizo a munthu, Paul O'Keefe, Carol Dweck ndi Gregory Walton, anafalitsa kafukufuku amene anafunsa ndendende funso limeneli: kodi chidwi chimachita kupezedwa kapena kukulitsidwa? M'gawo lina anaonetsa ophunzira kanema wosangalatsa wofotokoza za “black holes”, zinthu zija za mumlengalenga zimene zimameza ngakhale kuwala. Pafupifupi onse anatengeka. Kenako anawapatsa nkhani yovuta ya sayansi pa mutu womwewo kuti awerenge. Chidwi chinagwa kwambiri mwa amene ankakhulupirira kuti chidwi n'chobadwa nacho, chongofunika kuchipeza. Amene ankakhulupirira kuti chimachita kukula anagwiritsitsako. Munga unali umodzi womwewo, koma ena anaumva ngati chizindikiro chakuti abwerere.

Apa m'pamene Chichewa chimandisangalatsa. Tilibe liwu limodzi lolowa m'malo mwa “passion”, ndipo ena amaona ngati umenewu ndi umphawi wa chiyankhulo. Ine ndimaona mosiyana. Zimene Chingerezi chamanga mumtolo umodzi ife timazimasula. Pali chidwi, chimene chimayambira m'maso. Pali khumbo, limene limakhala mumtima manja asanagwire kanthu. Pali changu, chimene chimaonekera m'mayendedwe, pali khama, limene limadziwika ena onse atatopa, ndipo pali chilakolako, chimene sitimuyamikira nacho munthu. Tikafuna kunena za munthu wodzipereka pa ntchito yake timati waikapo mtima. Tamvani mneniyo: kuika. Mtima ndi wake, ndipo wachita kuunyamula n'kukauika pamenepo. Amene akufuna kulemba “passion” angachite bwino kudzifunsa kaye kuti pa zisanuzi akunena chiti. Kawirikawiri amapeza kuti ali ndi chidwi chabe. Chidwi si choipa, kungoti ndi mbewu, ndipo mbewu saitcha zokolola.

Ngakhale “talent”, amene ambiri amamuona ngati chuma chokwiririka mwa munthu, poyamba anali muyeso wa ndalama. Tanthauzo la luso analitenga ku fanizo la matalente la pa Mateyo 25, ndipo m'fanizo limenelo wodzudzulidwa ndi uja amene anakumba pansi n'kubisa, pomwe oyamikiridwa ndi amene anapita kukachita nazo malonda.

Chingerezi nachonso chili ndi aneni oona mtima, kungoti satchuka pa zikwangwani. Chimati “develop an interest”, kukulitsa chidwi; “cultivate”, liwu la kumunda lotanthauza kulima ndi kusamalira; “grow to love”, kuyamba kukonda chinthu pang'onopang'ono; “stick with”, kukakamira osasiya; “devote yourself to”, kudzipereka. Chilinso ndi makwerero amene ophunzira ambiri amangowalumpha. Pansi pali “interested in”, pamwamba pake “keen on”, kenako “fascinated by”, ndiye “committed to” ndi “devoted to”. Wothamangira “passionate about” pa chilichonse ali ngati woyimba amene wayamba nyimbo mokweza kwambiri, moti ikafika pofunika kukweza alibenso kokwera. Aperekezi ang'onoang'onowo musawapeputse, pakuti ndi amene amaulula mlendo: amati “passionate about” koma “a passion for”, ndipo pambuyo pa “committed to” mneni amatenga “-ing”, monga mu “committed to learning”. Katswiri wina wa ku Canada, Robert Vallerand, anawonjezera mu 2003 mayina awiri othandiza. “Harmonious passion” ndi kukonda chinthu kumene kumakhala mwamtendere ndi mbali zina za moyo. “Obsessive passion” ndi kumene kumamulamulira munthu mpaka kumulanda tulo ndi abale. Amene akuti “follow your passion” ayenera kaye kutiuza kuti akunena iti.

Wina anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Anganene kuti langizo limeneli lamasula ana ambiri amene akanakakamizidwa kulowa ntchito yosankhidwa ndi makolo, komanso kuti alipo anthu amene chinthu chinawagwira tsiku limodzi, ngati mphezi, n'kukhala nacho moyo wonse. Zonsezi ndikuvomera. Liwu limene limauza mwana kuti zofuna za mtima wake n'zowerengedwa si liwu lachabe. Koma ngakhale woombedwa ndi mphezi uja, mukamufunsitsa, akuuzani za zaka zimene anakhala akulakwitsa, akubwereza, akunyong'onyeka. Tsiku la mphezi amalikumbukira chifukwa limakoma kufotokoza. Funso lina n'lakuti langizoli limakomera ndani. Erin Cech, wa pa yunivesite ya Michigan, anasonyeza m'buku lake la 2021 kuti kutsatira “passion” kumayendera bwino amene ali ndi pogwera pofewa: makolo a ndalama, abale odziwana ndi olemba ntchito, mpata wodikira popanda malipiro. Wopanda zimenezi akagwa amagweratu, ndiye anthu n'kumamunena kuti sanachikonde mokwanira.

Nkhani ya malipiroyi ikutifikitsa pa “calling” ndi mbale wake “vocation”, amene ife timati maitanidwe. Kwa zaka mazana ambiri “vocation” inkanena za ansembe, amonke ndi masisitere. Martin Luther, m'zaka za m'ma 1500, anaphunzitsa kuti wosoka nsapato ndi mlimi nawonso ali pa maitanidwe, ndipo Max Weber, katswiri wa ku Germany wa za chikhalidwe cha anthu, polemba mu 1904 ndi 1905, anati ganizo limeneli linathandiza kuumba mtima wogwira ntchito wa chuma cha makono. Mu 1997 Amy Wrzesniewski ndi anzake anafufuza mmene anthu amaonera ntchito zawo m'magulu atatu: “job”, yongopezera zofunika pamoyo, “career”, yokwerera maudindo, ndi “calling”, yogwira chifukwa payokha ndi yaphindu. Chodabwitsa chinali chakuti anthu a ntchito imodzimodzi, yothandizira m'maofesi, anagawikana pafupifupi mofanana m'magulu onse atatu. Ndiye kuti maitanidwe sakhala m'dzina la ntchito. “Career”, kwa ofuna kudziwa, inachokera ku liwu la Chifalansa lotanthauza msewu kapena bwalo lothamangitsira mahatchi, ndipo ndikaona mmene eni ake amapumira mwawefuwefu ndimati dzinalo linakhoza.

Koma liwu lopatulikali ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Mu 2009, Stuart Bunderson ndi Jeffery Thompson anafalitsa kafukufuku wa anthu ogwira ntchito m'malo osungirako nyama zakutchire ku United States ndi Canada. Ambiri anali ophunzira bwino, malipiro ochepa, ntchito yake yokolopa ndi kuwola ndowe. Amene ankaiona ntchitoyo ngati maitanidwe ankapezamo tanthauzo lalikulu. Koma ndi omwewonso amene anali okonzeka kulolera malipiro ochepa ndi kutaya nthawi yawo yopuma, choncho anali osavuta kuwadyera masuku pamutu. Mukaona chilengezo cha ntchito chakuti “we are looking for passionate people”, werengani mpaka pansi, muone ngati malipiro awatchula. Chingerezi chenichenicho chinasunga chenjezo m'liwu loti “amateur”. Linachokera ku Chilatini “amator”, wokonda, ndipo lero limatanthauza munthu wochita chinthu osalipidwa.

Pa “purpose” sindichedwapo, chifukwa liwuli limadziulula lokha. Linachokera ku mneni wa Chifalansa chakale wotanthauza kuika patsogolo, ndipo ndi pachibale ndi “propose”. Chinthu choika patsogolo pako sungachite kuchifunafuna ngati singano yotayika, umachiika ndiwe. Cholinga chathu chikunena zomwezo, pakuti chinachokera ku kulinga. Wophunzira angosiyanitsa izi: “goal” ndi chimene umachikwaniritsa n'kuthana nacho, pomwe “purpose” ndi chifukwa chimene ukuchitira zonsezo, “on purpose” ndi dala, pomwe “with purpose” ndi kuchita motsimikiza mtima. Kusokoneza ziwiri zomalizirazi kungachititse munthu kuvomera mlandu umene sanapalamule. Viktor Frankl, dokotala wa ku Vienna amene anapulumuka m'ndende zozunzirako anthu za chipani cha Nazi, analemba mu 1946 kuti si ife ofunsa moyo tanthauzo lake. Moyo ndi umene umatifunsa, ndipo timayankha ndi zochita zathu. Zimenezi kwa ine n'zolemera kuposa chithunzi chija cha mizere inayi yozungulira chimene chimayenda pa intaneti ndi dzina loti “ikigai”. Liwulo n'lachijapanidi, koma amene analilumikiza ndi chithunzicho, mu 2014, sanali wa ku Japan. Kwa eni ake, “ikigai” ikhoza kukhala kanthu kakang'ono, monga kusamalira maluwa kapena kucheza ndi adzukulu, popanda nkhani ya ndalama.

Tsopano “voice”, limene kwa ine ndi liwu lofunika kuposa onsewa. Gwero lake ndi Chilatini “vox”, mbale wa mneni “vocare”, kuitana. M'banja lomwelo ndi mmene anabadwira “vocation” uja, “advocate”, amene waitanidwa kudzakulankhulira, komanso “vocabulary” yeniyeniyo, nkhokwe ya mawu amene timatchulira zinthu. Ife sitivutika kumvetsa ubale umenewu, pakuti m'Chichewa mawu ndi mawu: otuluka pakhosi ndi omwewo olembedwa papepala. Tikati munthu ali ndi mawu abwino, mwina tikunena za kuyimba kwake, mwina za nzeru zake. Chingerezi chinazigawa pawiri, “voice” ndi “words”, koma “voice” yokhayo chinaisenzetsa katundu wambiri. Ndi phokoso la pakhosi. Ndi ufulu womvedwa, monga mu “have a voice” kapena “have a say”, kuikapo mlomo pa nkhani. Ndi kalembedwe kamene kamakuzindikiritsa ngakhale dzina lako litafufutidwa. Ndiponso ndi mneni: “to voice a concern” ndi kutulutsa nkhawa poyera.

Aneni oyenda nayo amasiyana ndi kachidutswa kamodzi kokha. “Speak up” ndi kukweza mawu kapena kusiya kukhala duu pagulu. “Speak out” ndi kudzudzula poyera, ukudziwa kuti mwina zikubwerera. “Speak for” ndi kulankhulira wina. “Talk back” ndi kuyankha wamkulu mwamwano, ndipo nthawi zambiri kusiyana kwa “speak up” ndi “talk back” kumangodalira amene akufotokoza nkhaniyo, kaya ndi wantchito kapena bwana wake. Katswiri wa zachuma Albert Hirschman anaona mu 1970 kuti munthu wosakhutira ndi kampani, chipani kapena dziko ali ndi njira ziwiri: “exit”, kuchokapo, ndi “voice”, kukhala pomwepo n'kulavula zakukhosi. M'tanthauzo limeneli mawu sungawapeze uli wekha m'chipinda utatseka chitseko. Amafuna womvera, ndipo wowatulutsa nthawi zina amadziika pachiswe. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi mawu okondedwa ndi mabungwe akuti “voice of the voiceless”. Arundhati Roy, mlembi wa ku India, anawayankha bwino ku Sydney mu 2004. Anati anthu opanda mawu kulibe. Kuli otsekedwa pakamwa mwadala, ndi amene anthu asankha kusawamva.

Nanga munthu angakhale bwanji ndi mawu akeake m'chiyankhulo chimene sanayamwe? Akuluakulu amati nsalu yobwereka sithetsa usiwa, ndipo kalata yodzaza ndi ziganizo zoloweza imaonekadi ngati chovala cha mwini, manja kutalika, m'chiuno kukhwepa. Komabe palibe amene anabadwa ndi mawu ake. Mwana amayamba ndi kutengera amayi ake. Benjamin Franklin, mlembi ndi mtsogoleri wakale wa ku America, anafotokoza yekha mmene anaphunzirira kulemba: ankatenga nkhani za m'nyuzipepala ya The Spectator, kulemba mfundo zake mwachidule, kuzisiya masiku angapo, kenako kuyesa kuzilembanso yekha n'kufananitsa ndi zoyambirira kuti aone pamene walakwitsa. Joseph Conrad, wobadwira m'banja la Chipolishi, anadziwa bwino Chingerezi atapitirira kale zaka 20, ndipo lilime lake linkamuulula mpaka imfa, koma mabuku ake ali m'gulu la mabuku apamwamba a chiyankhulocho. Chinua Achebe, mlembi wa ku Nigeria, anati Chingerezi chikhoza kusenza katundu wa moyo wake, pokhapokha chitakhala Chingerezi chatsopano, chosinthidwa kuti chigwirizane ndi kumene chafika. Pa atatuwa palibe amene anatola mawu panjira. Anabwereka, anabwereza, anadula apa n'kusoka apo, mpaka nsalu ija inasiya kuoneka ya mwini.

Mu 2023 a Merriam-Webster, olemba mtanthauziramawu wa Chingerezi a ku America, anasankha “authentic” kukhala liwu la chaka, chifukwa anthu ochuluka ankalifufuza tanthauzo. Dziko limene lafika pofunsa mtanthauziramawu kuti chenicheni n'chiyani zalivuta, makamaka tsopano pamene makina akutha kulemba “I am passionate about” mwaukhondo kuposa tonsefe. Chiganizo chimene aliyense angachilembe, ngakhale kompyuta, sichingamuzindikiritse munthu.

Pali kanthu kena ka m'galamala kamene kamandiseketsa. Mabanja awiri aja, la “passion” ndi la “voice”, amakumana m'dzina loti “passive voice”, kalembedwe kamene wochita amabisala ndipo munthu amangochitiridwa. Makalata amene amafuula “passionate” m'ndime yoyamba ndi omwewo amene amadzaza ndi “I was given the opportunity”, “I was exposed to”, “I was involved in”. Mwini kalata akuti mtima wake ukuyaka moto, koma m'ziganizo zake zonse iye ndi katundu wongonyamulidwa. Aneni monga “I built”, “I repaired”, “I taught”, “I stayed” ndi aafupi ndi osadzionetsera. Vuto lawo n'lakuti amafuna umboni, ndipo mwina n'chifukwa chake timawathawa.

Mtsikana uja ndinamupempha kuti aiwale kaye Chingerezi, andiuze za tsiku limodzi la kuntchito limene amalikumbukira. Anali atagwirapo ntchito yoyankha mafoni a makasitomala. Anandifotokozera za bambo wina wachikulire amene anaimba katatu tsiku limodzi, nthawi zonse akukalipa, chifukwa ankalephera kulowa mu akaunti yake. Anzake ankaithawa foniyo. Iye anazindikira kuti makina sanalakwe kanthu: bamboyo sankaona bwino zilembo zing'onozing'ono, ndipo ankachita manyazi kunena. Anakhala nawo pafoni mpaka nthawi yoweruka kudutsa, akuwawerengera chilembo chimodzichimodzi, ndipo mawa lake analembera omuyang'anira kuwapempha kuti zilembozo zikulitsidwe. Pofotokoza zimenezi sanazolike. Manja ankayenda, mawu anakwera, ndipo anandidula pakamwa kawiri.

Tinazilemba m'Chingerezi, ziganizo zinayi, chilichonse choyamba ndi zimene anachita. Ataziwerenga anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti, “Nanga ‘passionate’ uja timuika pati, aphunzitsi?” Tinayesa kumulowetsa m'chiganizo choyamba, n'kuona kuti akungotsekereza. Tinamusuntha kupita kumapeto, nakonso sanakhale bwino. Mtsikanayo anatenga cholembera n'kumukhwatcha yekha.